Dzina Lako Likalowa M'kamwa mwa Anthu

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa Akhristu a mipingo yosiyanasiyana pa boma la Mzimba

 Chitumbuka ndimachimva, ndipo pamsika wa Jenda ndimanenerera nacho tomato, koma pa nkhani yolemera ngati iyi ndiloleni ndiyende m'chinenero chomwe ndinayamwira. Ndaonanso kuti muno muli aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amene ntchito inawabweretsa kuchokera ku Dedza, ku Zomba ndi kwina, choncho Chichewa chitikwanira tonse.

Mwandipempha kuti ndikambe za zomwe Mkhristu angachite akamanamiziridwa. Ndiyambe ndi simenti.

Zaka zambiri zapitazo, ine mphunzitsi ndinali msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi pa mpingo wina kummwera kwa boma lino. Tinagula matumba 40 a simenti, ngolo inabweretsa maulendo atatu, tinawasanja m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chakale. Mmisiri anachedwa, mvula inayamba, denga la kachipindako linali lodontha pakona. Pomwe tinkatsegula mu Febuluwale, matumba 12 anali atauma gwa ngati miyala. Mwezi womwewo mwana wanga wa ku Joni ananditumizira ndalama, ndinakhoma malata panyumba panga n'kuika simenti pakhonde. Inu nomwe mwaona kale komwe nkhaniyi ikupita. Pasanathe milungu iwiri, pachigayo, pamjigo, ngakhale pamaliro, nkhani inali yoti aphunzitsi adya simenti ya Mulungu. Tsiku lina Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi, benchi yomwe ndinakhalapo inangotsala ndi ine ndekha. Mkazi wanga atapita ku msonkhano wa amayi a Umanyano, amayi anzake anasiya kucheza atangomuona pakhomo. Mdzukulu wanga anabwera kusukulu akulira, ati anzake akumutcha mwana wa wakuba.

Taonani mmene bodzalo linamangidwira. Simenti inaperewera, zoona. Khonde langa linali latsopano, zoona. Ine ndinali ndi kiyi, zoona. Njerwa zonse zinali zenizeni, bodza linali dothi lomangira lokha. N'chifukwa chake miseche imakhala yovuta kuigwetsa: munthu akaimva amapita kukaona khonde, n'kubwerako akuti ndadzionera ndekha. Ndiye pamabwera mwambi uja woti galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu ndimaulemekeza pa nkhani ya ulenje, koma wapweteketsa anthu ambiri osalakwa. Agalu ena amakanda chifukwa cha utitiri.

Boma lathu lino lili ndi mabodza akeake. Kuyambira nthawi yomwe Wenela ndi TEBA ankatenga amuna kupita nawo ku migodi mpaka lero, Mzimba ndi dera la amuna apaulendo. Mabasi a ku Johannesburg amanyamukira pa boma pompano, ndipo m'midzi ya ku Embangweni, ku Edingeni, ku Manyamula ndi kwa Mabulabo muli amayi ambiri amene akusunga makomo okha. Kale nkhani inkatenga miyezi kuti ikafike ku migodi. Lero mlamu amangodina foni n'kujambula mawu pa WhatsApp: "Akulu, alamu aja tikuwaona akukwera njinga yamoto ya mnyamata yemweyemweyo." Mayiyo amapita kuchipatala ndi mwana, ndipo wakabaza wodalirika pamudzipo ndi mmodzi. Koma madzulo omwewo bambo ali ku Joni watseka ndalama, apongozi ayamba kufunsa za makiyi a nyumba, ndipo nthawi zina amene anatumiza mawuwo ndi yemwe akufuna kuti ndalama zizidzera kwa iye. Palinso agogo amene amangoti mwana akamwalira mwadzidzidzi, maso onse ali pa iwo. Pali mnyamata amene wagula galimoto, akuti wakhwima. Pali mtsikana wakwaya amene wanenepa, akuti ali ndi pathupi pa mtsogoleri wa kwaya. Akaonda, akuti ndi matenda aja.

Ukafunsa malangizo pa mpingo, yankho lomwe limabwera msanga ndi ili: "Ingokhalani chete, Mulungu akumenyerani nkhondo. Ambuye Yesu sanayankhe." Inenso anandiuza zomwezo, ndipo ndinakhala chete mwezi wathunthu. Ndikuuzeni chilungamo, kukhala chete kwangako sikunali kupatulika. Kunali kunyada kosakanikirana ndi mantha. Mumtima ndinkati, ine mphunzitsi wa zaka zonsezi ndikayankhe anthu a pachigayo?

Tiyeni tiyang'ane bwino m'Baibulomo. N'zoona kuti pamaso pa Pilato, Yesu anasiya milandu yambiri osaiyankha, mpaka bwanamkubwayo anadabwa. Koma usiku uja asanapite naye kwa Pilato, pa Yohane 18, msilikali wa pakachisi atamuwomba pama, Yesu anamufunsa kuti asonyeze cholakwa chomwe walankhula, ndipo ngati palibe, ammenyeranji. Atamunena kuti amatulutsa ziwanda ndi mphamvu ya mkulu wa ziwanda, anayankha ndi mfundo pamaso pa anthu. Ndiye amene amatiuza kuti Yesu ankangokhala chete awerenga theka la nkhani. Ankadziwa nthawi yoyankha ndi nthawi yoleka.

Hana, mayi wa Samueli, ananamiziridwa m'nyumba ya Mulungu momwe, ndiponso ndi wansembe. Eli anaona milomo ikugwedera mawu osamveka, n'kuganiza kuti mayiyu waledzera. Hana sanatuluke mokwiya n'kukayambitsa mpingo wake. Sanavomerenso kuti mtendere ukhalepo. Anakana mwaulemu, mawu ochepa, n'kufotokoza chomwe chinkamupweteka mumtima. Amayi, mwamva? Ulemu kwa abusa sutanthauza kuvomera mlandu womwe simunapalamule.

Koma amene ndimamukonda kwambiri pa nkhaniyi ndi Nehemiya, mwina chifukwa nayenso anali womanga. Pa mutu 6, adani ake anamutumizira uthenga kanayi kuti atsike akakambirane, iye n'kukana chifukwa ntchito ikanaima. Kachisanu Sanibalati anatumiza kalata yosamata, dala, kuti aliyense woigwira panjira aiwerenge. Imeneyo inali WhatsApp ya nthawi imeneyo. M'kalatamo munali nkhani yoti anthu akunena, ndipo wakutiwakuti akuvomereza, kuti Nehemiya akufuna kuukira mfumu ya Perisiya. Mlandu wakupha nawo munthu umenewo. Nehemiya anayankha kamodzi: zimenezi kulibe, mwazipeka nokha. Kenako anapemphera kuti manja ake alimbe, n'kubwerera pakhoma. Linga linatha m'masiku 52. Sanayende khomo ndi khomo kudziyeretsa, komanso sanasiye bodzalo osalitchula kuti ndi bodza. Anayankha kamodzi, poyera, n'kunyamulanso chomangira chake. Ngati mutatuluke muno ndi chinthu chimodzi, chikhale chimenechi.

Nthaka yomwe taimapo inaonapo zotere. William Koyi, Mkhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, anafika m'dziko muno mu 1876 ndipo mu 1882 anakhazikika pa Njuyu, pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa. Dr Walter Elmslie anamupeza komweko mu 1885. Kwa zaka zingapo sanaloledwe kutsegula sukulu, ndipo ambiri ankawakayikira alendowa kuti abwera kudzafoola mtundu. Iwo sanathawe, sanaitanenso mfuti. Anakhala, kuchiza odwala, kucheza ndi madoda, kuyankha akafunsidwa. Mvula itavuta kumayambiriro kwa 1886, anthu omwewo anapempha amishoni kuti apemphere, mvula inagwa, ndipo chaka chomwecho chilolezo cha sukulu chinaperekedwa. Koyi anamwalira chaka chomwechonso, osaona Loudon yomwe Donald Fraser anadzatsegula mu 1902, lero tikuti Embangweni, ndi chipatala chake ndi masukulu ake. Musanditenge molakwa. Sindikunena kuti aliyense wonamiziridwa akapemphera mvula idzagwa kuti imuyeretse. Ndikunena za zaka zinayi zija zokhala pakati pa anthu okukayikira, osawada, osawathawa.

Za 1992 ambiri muno mukuzikumbukira. Pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, kuphatikizapo a m'boma lino. Inakamba za malipiro a anthu osauka, za zipatala ndi sukulu, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Patangopita masiku awiri maepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre, kalatayo inatchedwa youkira boma, kupezeka nayo kunakhala mlandu, ndipo wailesi inawanyoza usana ndi usiku. Monsignor John Roche, wa ku Ireland, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, dayosizi yathu ino, anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo, pa Lachisanu Loyera. Maepiskopiwo sanabweze chipongwe, ndipo kalata yawo sanaibweze. Pa 14 Juni 1993 dziko linavota pa riferendamu. Roche anali atapita kale. Choonadi chinapambana, koma munthu analipira.

Tsono tibwerere kumudzi. Nkhani yakupeza usiku, mnzako wakutumizira mawu omwe akuzungulira pa gulu la mpingo. Manja akunjenjemera, ndipo chala chili kale pa foni. Ikani foniyo pansi. Palibe yankho lolembedwa pakati pa usiku lomwe munthu ananyadira nalo kutacha. Pempherani, ndipo musadzikongoletse pamaso pa Mulungu. Werengani Salimo 109 muone mmene Davide anakhuthulira ukali wake wonse kwa Mulungu, mawu oti ena mwa iwo sitingawawerenge paguwa osachita manyazi. Anawanena kwa Mulungu kuti asakawachite kwa munthu.

Kutacha, dzifunseni funso lowawa: kodi m'bodzali muli kachidutswa kanga? Ine ndinapeza kanga. Simenti sindinabe, koma tsiku lomwe tinapeza matumba ouma aja sindinauze mpingo. Ndinachita manyazi kuti ndinalephera kuyang'anira denga, ndinati ndidzanena pa msonkhano wa kotala. Mpata umenewo ndi womwe bodza linalowerapo. Komanso ndinkasunga kiyi ndekha ndiponso kugula zinthu ndekha, chifukwa ndinkadzikhulupirira. Paulo, mtumwi wathunthu, atasonkhanitsa ndalama zothandizira osauka a ku Yerusalemu, sanazinyamule yekha. Pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti mipingo inasankha abale oyenda naye, kuti pasapezeke womunena. Asungichuma muli muno, malisiti si chizindikiro choti sakukukhulupirirani. Ndi chishango chanu.

Kenako pitani kwa munthuyo, ngati mukumudziwa. Mateyu 18 amatipatsa njira: poyamba awiri nokha, akakana tengani mboni, akakanabe nkhani ipite kumpingo. Pano pamafunika kusamala, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene wakuuzani kuti uje akukunenani mwina wathirako mchere wake. Funsani, musayambe ndi kuweruza. Ine ndinapita kwa bambo amene aliyense ankamutchula kuti ndiye anayambitsa nkhani ya simenti ija. Ndinamupeza akusema goli la ng'ombe pansi pa mtengo wa mango. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, tinakamba za mvula. Nditafunsa, sanadzutse mutu. Anangoti, "Ine ndinangomva kwa anthu." Ndinafunsa kuti anthu ake ati. Anapitiriza kusema.

Ndinapempha akulu a mpingo kuti andipatse mphindi khumi pambuyo pa mapemphero. Ndinawerenga malisiti onse, ndinavomera kulakwa kwanga kobisa za kudontha kwa denga, ndinaonetsa pepala la ndalama zochokera kwa mwana wanga. Anyamata anagubuduza matumba awiri ouma aja mpaka kutsogolo, mkulu wina anawamenya ndi nyundo, nyundo n'kudumpha. Anthu anaseka. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinakhala pansi, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinaikambenso nkhaniyo pampingopo.

Koma pali mabodza ena omwe sangathe ndi malisiti, ndipo apa ndilankhula mwamphamvu. Bodza likafika poopseza moyo, kukhala chete n'kuthandiza wakupha. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayaka ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Palibe dontho la magazi opopedwa lomwe linapezeka. Mu 2020 mphekesera yomweyo inatulukira kuno kumpoto ndi m'chigawo chapakati, anthu enanso n'kufa. Kumapeto kwa 2022 dziko lonse linaonera kanema wochokera m'boma lathu lino, amayi okalamba akuzunzidwa pamanda chifukwa chowaganizira ufiti. Pamaliro pamenepo, ndikufunsa, panalibe Akhristu? Nyimbo anaimba ndani?

Ngati akukunenani za ufiti, kapena akunena amayi anu, musadikire kuti zizizira zokha. Pitani kwa nyakwawa tsiku lomwelo, dziwitsani abusa, kanenenso kupolisi. Ku Jenda kuli polisi, pa boma pano ili pomwepa. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulo la 2016 lokhudza mauthenga a pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni. Ena amati Mkhristu sapita kupolisi. Paulo ndi Sila atakwapulidwa ku Filipi popanda kuzengedwa mlandu, akuluakulu a mzinda anafuna kuwatulutsa mwakachetechete. Paulo anakana, anati abwere okha adzatitulutse, popeza anali nzika za Roma. Pambuyo pake, ataona kuti mlandu wake ukupotozedwa, anachita apilo kwa Kaisara. Sanachimwe. Kukhululukira munthu ndi kumuletsa kuti asaphe agogo anu zimayendera limodzi bwinobwino.

Tsopano ndikutembenukira kwa amene simunanamiziridwe, chifukwa katundu wamkulu ali pa inu. Munthu wonenedwa mawu ake amapepuka. Chilichonse chomwe anganene, anthu amati nanga akanavomera? Amafunika wina woti aime naye. Pa 2 Samueli 16, Davide akuthawa Abisalomu, Ziba anamuchingamira ndi abulu, mikate ndi vinyo, n'kumuuza kuti mbuye wake Mefiboseti, mwana wolumala wa Yonatani, watsala ku Yerusalemu kudikira ufumu. Davide, wotopa ndi wanjala, anagamula pomwepo kuti chuma chonse cha Mefiboseti chikhale cha Ziba. Mbali imodzi yokha, yobwera ndi chakudya m'manja. Akulu a mpingo, timachita zomwezi kangati? Mayi waimitsidwa pa Mgonero chifukwa "zamveka", mwamuna wake ali ku Joni sanafunsidwe, iye mwini waitanidwa kudzangomva chigamulo. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 19, chimafuna mboni ziwiri kapena zitatu, chimalamula oweruza kufufuza mosamala, ndipo mboni yabodza chimaipatsa chilango chomwe inkafunira mnzake. Ndi liti pamene munamva kuti munthu waimitsidwa mumpingo chifukwa cha miseche? Wa mowa timamugwira, wa mimba timamugwira msanga. Wa lilime amakhala kutsogolo, nthawi zina ndiye amatsogolera nyimbo.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nkhani ikafika kwa inu, izimire pomwepo. Funsani woibweretsa, "Munaona nokha? Tiyeni tipite limodzi tikamufunse." Mudzaona mmene amakumbukira msanga kuti wasiya ndiwo pamoto. Lamulungu lija benchi yanga itatsala yopanda anthu, gogo wina wamkazi, wosaona bwino, ananyamuka kumbali ya amayi, n'kudutsa pakati pa tchalitchi ndi ndodo yake, n'kudzakhala pafupi nane kumbali ya abambo. Sananene kanthu. Anangotsegula buku lake la nyimbo mozondoka n'kuyamba kuimba. Maulaliki ambiri a chaka chimenecho ndinawaiwala.

Chomaliza chomwe ndikufuna kukamba ndi cham'kati, chomwe sichioneka. Dzina loti Mdierekezi m'Chigriki limatanthauza woneneza, wonamizira, ndipo akuluakulu amene anamasulira Buku Lopatulika anagwiritsa ntchito mawu oti kudierekeza ponena za miseche. Choopsa chachikulu cha kunamiziridwa n'choti umayamba kufanana ndi wokunamizirayo. Ine ndinkadziwa chinthu china chokhudza banja la bambo wa goli uja, choona ndithu, chomwe chikanamutsitsa pamudzi ponse. Ndinali nacho pa lilime milungu yambiri. Ndinkadziuza kuti changa si bodza. Koma choonadi chonenedwa kuti chiphe munthu chimagwira ntchito yomweyo ya Mdierekezi. Mkazi wanga ndiye anandigwira. Anati, "Bambo, mukanena zimenezo, simenti ija mudzakhala mwaidyadi." Ndinayamba kumutchula dzina bamboyo m'pemphero, poyamba mano ali olumana. Zinatenga nthawi yaitali kuti ndimufunire zabwino moona. Kukhululuka sikunatanthauze kuti zomwe ananena zasanduka zoona, kapena kuti ndimupatse kiyi. Kunatanthauza kuti ndasiya kumuzenga mlandu m'mutu mwanga usiku uliwonse.

Ndipo musayembekeze kuti zonse zidzabwerera m'malo. Davide atabwerera ku Yerusalemu, anapeza Mefiboseti sanamete ndevu, sanachape zovala chichokere mfumu, umboni woti ankalira, osati kudikira mpando. Anafotokoza kuti Ziba anamunyenga n'kumusiya wopanda bulu. Mukudziwa chigamulo? Davide anati agawane mundawo pakati. Wonamizira anatsala ndi theka. Yosefe anatuluka m'ndende n'kukhala nduna yaikulu, koma palibe pomwe timawerenga kuti mkazi wa Potifara anavomera bodza lake.

Tchalitchi chija chinatha, akupempheramo. Bambo wa goli sanapepese mpaka lero, koma timapatsana moni, ndipo mayi ake atamwalira ndinagona nawo pasiwa. Matumba ouma aja anawaika pakhomo la tchalitchi ngati masitepe, anthu amapondapo polowa. Dzina lokha ndi lomwe linakana kuchoka. Mwezi watha ndikutsika minibasi pa Jenda, mnyamata wina wa kabaza, amene nthawi ya nkhaniyi anali asanayambe n'komwe sukulu, anandikuwira, "A Simenti, tiyeni ndikakutuleni!" Sakudziwa komwe dzinalo linachokera, amangoyesa ndi la makolo. Ndinaima pang'ono, chikwama chili m'manja. Kenako ndinamufunsa kuti ku Embangweni ndi zingati, n'kukwera.

 Ndamva kuti tiyi wafika panja, mafunso tidzayankhana tikabwerako.